Mwamuna wa Mwini mu Chitenje Changa

Kawale 2,
Lilongwe.
9 Malichi, 2024.

Wokondedwa mwana wanga Irene,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino pamadzi pakopo. Kuno tadzuka, mvula ikugwa ndithu, ndipo chimanga cha kuseri kwa bafa chija chayamba kukhwima. Ndalemba pamanja chifukwa chibwerereni ine kuchokera ku Durban foni yako ikumangolira osayankhidwa, ndipo mauthenga anga ndikuona kuti ukuwerenga koma osabweza mawu. Sindikukudzudzula. Ndikanakhala iwe, nanenso ndikanatero. Kalatayi ndapatsira Harun, mwana wa a Zaituni oyandikana nafe aja, amene akubwera ku Durban komweko ndi thiraki yake ndipo wati adzakudikira sitima yanu ikadzaima padoko. Akupatsanso kaphukusi ka m'jumbo yakuda. Chonde usakatsegule usanawerenge mpaka kumapeto.

Mawu amene unanditsanzika nawo pondikweza basi yobwerera kuno ndikuwamvabe m'makutu: "Amayi, mwandichititsa manyazi." Unanena zoona. Unavutika kupempha mabwana ako kuti mayi ako akwere nawo sitima imene umagwiramo ntchito, aoneko nyanja yamchere asanafe, ndipo ine ndinakuthokoza pokuchotsetsa ku zipinda zapamwamba n'kukutsitsira kochapira zovala, kopanda ndi windo lomwe. Koma iwe paphiri paja sunafikepo. Unangoona kavidiyo ka pafoni ndi kumva madandaulo a eni ake. Ndilole ndikuuze mmene zinayendera, osati kuti ndidziyeretse, koma chifukwa pali china chimene ndinakubisira, ndipo sindingachimalize popanda iwe.

Tsiku lija sitima itaima pachilumba chija, chimene dzina lake mpaka lero limandipinda lilime, unandiveka kakhadi m'khosi ngati mwana wa sukulu ya mkaka n'kundikweza basi ya alendo. Unati, "Amayi, muzingotsatira mayi wanyamula kambenderayo, musakayambe zanuzanu." Iwe unabwerera kukayala mabedi. Ndinali nditavala chitenje chobiriwira cha nkhanga chija, chimene unandigulira utangoyamba ntchito, poti ndinati anthu akunja aone kuti nafenso timatchena.

Basi inakhotakhota mpaka inatitula m'munsi mwa masitepe a miyala, ndipo kuchokera apo tinakwera wapansi. Mawondo anandikumbutsa zaka zanga, koma ndinafika. Pamwamba pa phiripo pali linga lakalekale, kanyumba ka miyala kopanda denga, ndi mizinga yadzimbiri yoloza kunyanja. Mayi wa kambendera uja ankafotokoza m'Chingerezi chothamanga, ine n'kumatolako apa ndi apo ndi Chingerezi changa cha Sitandade 8. Ndinamva zoti kale pamenepo pankakhala mlonda, ntchito yake kuyang'ana kunyanja basi. Akaona sitima ikubwera ankakweza mbendera, ndipo anthu a m'tauni kumunsiko ankangoyang'ana kuphiri n'kudziwa ngati akubwerawo ndi adani kapena ndi amuna awo. Ndinasuzumira pakhoma n'kuona doko lonse lili pansi panga, timabwato tili ngundangunda, sitima yathu yaikulu ija itachepa ngati bokosi la sopo. Ndinakweza dzanja kukubayibitsa, ngati kuti ungandione uli m'kati mwa zipinda.

Ndisakubisire mwanawe, m'sitima muja ndinali ndi njala ya anthu. Chakudya chinali mbwee, koma ukapereka moni munthu amangokuonetsa mano n'kudutsa, ndipo iwe ndinkakuona mothamanga, utanyamula matawulo. Choncho nditamva nyimbo kuseri kwa kanyumba kaja, miyendo inapita yokha.

Ndinapeza gulu la azungu a m'sitima yathu yomweyo, ooneka kuti ndi banja limodzi, akulu ndi ana. Amuna anavala malaya amaluwamaluwa, akazi zoyera. Kawailesi kankaimba nyimbo ya malipenga yovinika bwino, botolo linaphulika thovu, matambula n'kumagundana, ena akuseka mpaka kupukuta misozi. Pakati pawo panaima amayi a imvi mutu wonse, atavala diresi lachikasu, atafungatira kamtsuko konyezimira ka buluu, ndipo aliyense ankabwera kudzawapsompsona patsaya. Tandiuza iwe Irene, ukanati n'chiyani? Ine ndinati amayiwa akukumbukira tsiku lawo lobadwa, kamtsukoko ndi mphatso yochokera kwa ana. Zinandimvetsanso chisoni kuti chisangalalo chonsecho chinalibe wochikometsera ndi mmodzi yemwe.

Umandidziwa. Ku Kawale kuno kulibe chinkhoswe chimene chinathapo osamveka mawu anga. Ndinaimba nthungululu, yaitali, yochokera pansi pa mtima, mpaka makoma anayankha. Onse anatembenuka. Kamtsikana kena kanaseka, ine n'kuyesa kuti andilandira. Ndinamangitsa chitenje n'kulowa m'bwalo ndikuvina, kuzungulira mpaka kukaima chakukhoma, pafupi ndi amayi aja. Apo n'kuti iwo atatsegula kamtsuko, akukapendeketsa kuti akhuthulire kunja kwa khoma. Mphepo ya kunyanja inabweza zonse. Zinandithira kumaso ndi m'mapewa, ndipo zambiri zinakakamira pachitenje, poti chinali chitanyowa ndi thukuta la pamasitepe.

Ndinayesa ufa. Ukukumbukira utakhoza Folomu 4, mmene ndinakuthirira ufa kumutu mpaka unaoneka ngati gogo? Ndinati kani nawonso amatero, ndipo andilemekeza ine mlendo. Ndinaimbanso nthungululu yachiwiri, n'kutapa pang'ono paphewa, kudzipaka pachipumi ndikuti, "Zikomo, zikomo!" Ndinangodabwa kuti ufa wake unali wotuwa, wokhakhala ngati mchenga. Kenaka wina anazimitsa kawailesi.

Bambo wina wamtali, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi mwana woyamba wa amayi aja, anayamba kundikalipira nkhope ili psuu. Mayi wa kambendera anandikokera pambali n'kulankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, kuti ndimve. Anati, "Awa ndi maliro. Amuna awo a mayiwa." Ine kupusa, ndinayang'ana uku ndi uku kufunafuna bokosi. Iye anangoloza chitenje changa.

Irene, ine ndine mayi wa Chigwirizano. Ndagona pa masiwa osawerengeka, ndatsekapo maso a anthu, ndipo atsikana akalakwitsa mwambo pamaliro wowadzudzula ndimakhala ine. Kwathu kuno maliro sabisala. Pamsewu pamakhala masamba, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wailesi imazimitsidwa, azimayi timakhala pansi. Paphiri paja panalibe ndi tsamba limodzi lomwe. Zoti kuli anthu amene amawotcha mitembo ndinkazimva, koma sindinaganizepo kuti munthu wathunthu angakwane m'kamtsuko n'kuperekezedwa ndi malipenga ndi thovu. Komabe pakamwa ndinali napo, ndikanafunsa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya pamaso pa anthu.

Tsono chimene kavidiyo kaja sikanaonetse ndi ichi. Amayi a imvi aja sanakalipe, sanalirenso. Anasuzumira m'kamtsuko, kenaka anayang'ana chitenje changa nthawi yaitali, n'kuyamba kubwera kwa ine atatambasula dzanja. Ndinayesa akudzandimenya mbama, ndipo ndinathawa. Masitepe amene ndinakwera mopumirapumira ndinawatsika ngati mtsikana, n'kukabisala pampando wakumbuyo m'basi. Pobwerera mayi wa kambendera anandimvera chisoni, anakhala nane n'kundiuza kuti malemuwo ankagwira ntchito m'sitima ali mnyamata, ndipo anakumana ndi akazi awowo padoko lomwe lija. Asanamwalire anapempha kuti adzawathire paphiripo, moyang'ana doko. Banja lonse linakwera sitima chifukwa cha chimenecho basi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti dzanja lija silinali la mbama. Amayi aja ankafuna amuna awo, ine n'kuthawa nawo.

Nditafika m'kachipinda kanga ndinavula chitenje n'kutsegula mpopi, koma manja anakana. Ndinadzifunsa kuti madzi amenewa akathera kuti, si pamodzi ndi zonyansa za anthu onse a m'sitima? Ndinayala chitenjecho pansi, ndinakutumulira bulauzi pomwepo, nkhope ndinapukuta ndi duku n'kuikulunga momwemo. Ndinachipinda bwinobwino, mbali ya phulusa ili m'kati, n'kuchiika m'jumbo. Posakhalitsa unalowa iwe kuchokera kwa mabwana ako, maso ali ofiira. Unangofunsa kuti, "Amayi, ndinati chiyani pokukwezani basi?" Ndinalibe mtima wokuuza kuti nkhaniyo sinathere paphiri, ili m'chikwama changa. Masiku otsalawo sindinatulukenso kuopa kukumana ndi banja lija, ndipo nawe sunandikakamize.

Paulendo wa basi, pa malire ena wofufuza katundu anagwira jumbo ija n'kufunsa kuti muli chiyani. Ndinati chitenje chosachapa, iye n'kuiponyanso m'chikwama ngati sanza, ine mtima uli m'malere. Umo ndi mmene ine Tione, mkazi wamasiye wa a Jeremiah, munthu wolemekezeka pampingo, ndinadumphira malire onsewo ndi mwamuna wa mwini mpaka kumufikitsa ku Kawale.

Kuno anthu anandilandira ngati ndachokera kumwezi. Aliyense ankafuna malonje, ndipo ndinawauza za madzi opanda tsidya, za nkhanu zazikulu zimene anthu amadya mosanyansidwa, ndi zoti iwe uli bwino, mabwana amakukonda. Za phiri sindinatchule. Jumbo ija poyamba ndinaiika pamwamba pa wadirobu, koma mtima unandiuza kuti munthu saikidwa pamodzi ndi masutikesi. Ndinaitsitsa n'kuiika pampando wa malemu bambo ako. Kuyambira pamenepo ndikamalowa kuchipinda ndimayamba ndati odi, m'nyumba yangayanga.

Tsiku lina kunabwera Rejoice, mkazi wa mlongo wako Chisankho, kuchokera ku Area 23 kudzandithandiza kuchapa. Ine ndili kumsika, iye anasonkhanitsa zovala zonse za kuchipinda. Pobwera ndinamupeza pabeseni, thovu lili tho, jumbo ija ili m'manja akumasula mfundo. Ndinakuwa mpaka tomato anamwazika pabwalo ponse. Mwana wa eni anaiika pansi jumboyo n'kuti, "Pepani amayi, sindinadziwe kuti n'zosagwira." Ananyamuka asanadye n'komwe, ndipo ndikudziwa kuti akuganiza kuti apongozi ake anabwera ndi zitsamba kuchokera kunja. Ameneyonso ndiyenera kukamupepesa.

Sabata yatha kunali zovuta ku Biwi, ndipo tinapita ndi yunifolomu. Amayi anzanga anati ndiyambitse nyimbo monga mwa masiku onse. Nditatsegula pakamwa ndinaona atsikana kuseri akukwecha mapoto ndi phulusa la pamoto, mawu n'kundithawa. Wina anayambitsa m'malo mwanga, ine ndinanamizira chimfine. Pobwerera ndinapeza a Zaituni ali pakhonde pawo akusankha mpunga, ndipo ukudziwa kuti maso awo saphonya kanthu.

"Amake Irene, chibwerereni kunyanja kuja simuli bwino. Mapoto mwayamba kukwecha ndi mchenga, phulusa mukuliopa ngati njoka. Mwabwerako ndi chiyani?"

Ndinawalowetsa m'nyumba n'kuwauza zonse. Pa nthungululu yoyamba anaseka mpaka kugwira khoma. Nditafika pa za pachipumi anasiya. Anayang'ana jumbo ili pampando, n'kukonza mpango wawo kumutu.

"Ndiye mmenemu muli munthu?"

"Mbali yake chabe."

"Mbali ya munthu ndi munthu ndithu. Ife ku Chisilamu mtembo sitiuchedwetsa, inu mwamusunga masabata onsewa? Akufunika aikidwe ameneyu."

"Ndikamuike kuti, amake Harun? Adzukulu akafunsa dzina, ine dzina sindikulidziwa. Ndikapita ndekha kumanda ndi khasu ndi kajumbo kakuda, mawa Kawale yense adzati Tione ndi mfiti."

"Nanga pambali pa a Jeremiah?"

"Bambo aja ankachita nsanje ndi kondakitala wongondipatsa moni. Lero ndikawagonekere mzungu pambali?"

Tinaseka, koma kuseka kwake kunathera m'misozi. Kenaka a Zaituni anati, "Mwini wake ananena kale kumene akufuna kukagona. Inu mwangomuchedwetsa panjira. M'bwezeni."

Koma sindikanawatulutsa bambo a m'jumbo aja m'nyumba mwanga ngati katundu. Dzulo masana tinatseka geti, a Zaituni anathyola nthambi za mango n'kuziyala pakhomo, m'kati mwa mpanda kuti anthu asaone n'kuyamba kusonkhana. Tinayala mphasa n'kukhala pansi titatambasula miyendo, jumbo ili pakati pathu. Ine ndinaimba nyimbo zathu za pamaliro motsitsa mawu, ndipo ulendo uno mawu anatuluka. Iwo sanaimbe nawo, anangokhala chete manja ali pamiyendo, monga amachitira akabwera pa zovuta zathu. Ndinalira, Irene. Ndinalirira bambo amene sindinawaonepo nkhope. Ndinalirira amayi a diresi lachikasu, amene anabwerera kwawo ndi kamtsuko kopanda kanthu, ndipo akamakumbukira tsiku lotsanzikana ndi amuna awo azingoona chitsiru chikuvina. Ndinapepesa mokweza m'Chichewa, poti ndinati kumene aliko tsopano chilankhulo sichivutanso.

Harun sitinamubisire. Atamva anavula kapusi n'kukanda m'mutu. "Amayi, ine ndanyamulapo feteleza, matayala, ngakhale mbuzi, koma pasenjala wa mtundu uwu ndi koyamba. Pa boda ndikati chiyani?" Mayi ake anati, "Ukati ndi chitenje cha mayi chopita kwa mwana wake, ndipo ukhala usananame." Walonjeza kuti jumboyo ikhala pampando wakutsogolo, osati pansi kumapazi, ndipo sayatsa nyimbo zake zaphokoso zija, ngakhale ndikaganiza bwino mwina bambowo sakanadandaula nazo.

Tsono pempho langa ndi ili, mwana wanga. Unandiuza kuti sitima yanu idzaimanso pachilumba chija nyengo ino isanathe. Ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yokupempha kanthu, ndipo mwina kochapira zovalako sakulolani kutsika wamba. Koma ukapeza mpata, ukakwere phiri lija. Ukapite kuseri kwa kanyumba kopanda denga, pakhoma loyang'ana doko, pafupi ndi mzinga wogona chammbali. Ukayambe waona kumene mphepo ikulowera, ikhale kumsana kwako. Ukakutumule chitenjecho ndi duku yomwe, pang'onopang'ono, mpaka zonse zitapita. Usanayambe ukathyole timasamba tingapo, ukayale pamasitepe omalizira. Azungu sadzadziwa tanthauzo lake, koma mwina kungadzadutse wina wa kwathu, asadzachite zimene anachita mayi ako.

Ngati pali njira yowapezera amayi aja popanda kuika ntchito yako pachiswe, uwadziwitse kuti amuna awo afika, mochedwa koma onse. Uwauze kuti sanatayidwe m'ngalande, anakhala pampando wa mwini nyumba, ndipo analiridwa monga timalirira athu. Ukamva dzina lawo undiuzeko, ndisiye kuwatchula kuti bambo a m'jumbo ndikamapemphera. Za ntchito yakoyo sindidziwa chochita. Kukanakhala kuno ndikanapita kukagwada kwa mabwana ako, koma ndikuopa kuti ndikangotsegulanso pakamwa ndiwonjezera moto.

A Zaituni akupereka moni, ati ulimbe mtima. Chisankho amafunsa za iwe, ndipo nkhaniyi sakuidziwa, ndasiyira iwe kuti umuuze kapena ayi. Amayi a Chigwirizano amakutchula m'mapemphero, akuti mwana wosamala mayi ake ngati iwe ndi wosowa, ine n'kumangoweramitsa mutu chifukwa akunena zoona. Ineyo ndasanduka mlonda wa paphiri uja, kungokhalira kuyang'ana foni ngati pakwezedwa mbendera. Sindikuti uyankhe lero.

Chitenjecho ukakutumula usachitaye, usachichape, ndipo usam'patsire Harun. Udzabwere nacho wekha, ndidzachichape iwe uli pakhonde ukundinyoza mmene ungafunire. Ndikulonjeza kuti podzakuchingamira pa depoti ndidzangoima phee manja ali kumbuyo, ndipo ndidzayamba ndakufunsa ngati ndingaimbe nthungululu.

Ndine mayi ako wamanyazi, wokukonda ndi wokudikira,

Tione.